Louis Braille, Mnyamata Amene Anapezera Osaona Zilembo

Ambiri a ife pa sukulu pano tinamvapo kuti pa nthawi ya mayeso a boma pamakhala mapepala ena ocindikala, opanda inki ngakhale dontho limodzi, amene anzathu osaona amawerenga ndi zala. Zilembo za pa mapepala amenewo zichedwa Braille. Koma kapena si tonse tidziwa kuti Braille ndi dzina la munthu, ndi kuti munthuyo anapeza zilembozi ali mwana wa sukulu wa zaka 15, wocepa msinkhu kuposa ambiri a ife a Folomu 3 ndi Folomu 4. M'nkhani ino ndifuna kulongosola mbiri yace, makamaka m'mene mwana wosaona wa kumudzi anafikira pa sukulu, pakuti pamenepo ndipo pagona phunziro la ife.

Louis Braille anabadwa pa 4 Januwale 1809 m'mudzi wa Coupvray m'dziko la France, ulendo wa makilomita ngati 40 kum'mawa kwa mzinda wa Paris. Anali mzime m'banja la ana anai. Atate ace, a Simon-René Braille, anali mmisiri wa zikopa, ndipo nchito yao inali kusoka zishalo ndi malamba omangira akavalo pokoka ngolo. Mai ace dzina lao anali a Monique. Banjali silinali lolemera, komanso silinali kugona ndi njala, pakuti linali ndi nyumba yace ya miyala ndi kamunda ka mphesa.

M'caka ca 1812, ali ndi zaka zitatu, Louis anali kusewera m'nyumba imene atate ace ankagwiriramo nchito. Monga acitira ana onse, anafuna kutsanzira akulu. Anatenga citsulo cakuthwa nayesa kuboola cikopa, koma citsuloco cinaterereka ndi kumlasa m'diso. Mankhwala a masiku amenewo sanathe kuciza balalo. Disolo linatukusira, ndipo pang'ono ndi pang'ono nthenda inalowanso m'diso linalo, kotero kuti pofika zaka zisanu mwanayo sanali kuonanso kanthu. Akulu athu sananame pamene anati lungalunga mpobadwa, cilema cicita kudza.

Masiku amenewo ku France mwana wosaona wa kumudzi analibe ciyembekezo ca sukulu. Ambiri otere ankangokhala pakhomo kufikira makolo ao atafa, ndipo pambuyo pace ankapita kukapemphetsa pa zitseko za machalichi. Makolo a Louis sanafune zimenezo. Sanambise m'nyumba, koma anamlola kuyenda m'mudzi ndi ndodo yace ndi kuthandiza tinchito ta pakhomo monga abale ace. Cotero anthu a m'mudzimo ankamuona tsiku ndi tsiku, ndipo ici ndico cinatsegula njira ya zonse zimene zinatsatira.

M'caka ca 1815 ku Coupvray kunabwera wansembe watsopano, Bambo Jacques Palluy. Pamene anali kudziwana ndi akhristu ace anakumana ndi kamnyamata aka. Anthu ena ankangokamvera cisoni ndi kupitirira, koma wansembeyu anaima naceza nako, ndipo anapeza kuti kanali ndi mutu wogwira zinthu msanga ndiponso mafunso osatha. Anayamba kukaitanira kunyumba kwace ndi kukaphunzitsa pakamwa nkhani za m'Baibulo ndi za cilengedwe. Ataona kuti mwanayo sanali kuiwala cimene wamva kamodzi, anapita kwa mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzimo, Antoine Bécheret, nampempha kuti amlandire pamodzi ndi ana openya.

Tiyeni tiganizire za mphunzitsi ameneyu. Sanaphunzirepo kaphunzitsidwe ka ana osaona, analibe buku ngakhale limodzi loyenera mwana wotere, ndipo panalibe lamulo lomkakamiza. Akadakana palibe akadamdzudzula. Koma anabvomera. Louis ankakhala m'kalasi nachera khutu, nasunga m'mutu zonse zimene mphunzitsi anena, ndipo posacedwa anali mmodzi wa ana okhoza koposa. Komabe panali bvuto limene cifundo ca mphunzitsi sicikadatha kulicotsa. Ikafika nthawi yakuti anzace atsegule mabuku kapena alembe, iye ankangokhala manja ali pa miyendo. Wansembe ndi mphunzitsi anazindikira kuti kumlandira mwana m'kalasi ndi ciyambi cabe, afunikanso zipangizo zomuyenera.

Tsono Bambo Palluy anamva kuti ku Paris kuli sukulu ya ana osaona okhaokha. Anapita kwa mwini malo wolemera wa m'deralo, Marquis d'Orvilliers, amene anathandiza kumpemphera mwanayo malo, ndipo malo aulere anapezeka. Pa 15 Febuluwale 1819 Louis, ali ndi zaka 10, anafika ku Paris ataperekezedwa ndi atate ace, nayamba moyo wogonera pa sukulu monga tikhalira ife pano.

Sukulu imeneyo inali ndi mbiri yace. Anaiyambitsa ndi munthu wopenya, dzina lace Valentin Haüy. M'caka ca 1771 Haüy anaona anthu osaona atabvekedwa zipewa zoseketsa ndi mandala a mapepala pa cionetsero cina mu Paris, akuliza zoimbira mosokoneza kuti khamu la anthu liseke. Zimenezi zinamuwawa mtima kwambiri. M'caka ca 1784 anatenga mnyamata wopemphapempha, François Lesueur, namlipira ndalama zimene akadapeza popempha kuti akhale pansi ndi kuphunzira. Mnyamatayo anaphunziradi kuwerenga, ndipo kucokera pa iye mmodzi sukulu inakula.

Pamene Louis anafika, sukuluyo inali m'nyumba yakale mu mseu wa Saint-Victor, nyumba ya cinyezi ndi ya mdima imene kale inakhalapo ndende. Cakudya cinali copereweza, ndipo ana ambiri ankatsokomola. Ankaphunzira masamu, mbiri, kuimba ndi nchito za manja monga kuluka ndi kusoka nsapato. Mabuku analipo, koma ocepa. Haüy anawapanga posindikiza zilembo zomwe tilemba ifezi pa pepala lonyowa kuti zitukuke, ndipo zilembozo zinayenera kukhala zazikulu kuti cala cizizindikire. Cifukwa ca ici buku limodzi linali lalikulu ndi lolemera zedi. Mwana ankatsata cilembo ciri conse ndi cala mozungulira, ndipo pofika kumapeto kwa ciganizo anali ataiwala ciyambi cace. Coipa koposa cinali cakuti ana sakadatha kulemba okha zilembo zotere ndi kuziwerenganso. Zinali zilembo zopangidwira maso, ndipo zala zinali kungobwereka.

M'caka ca 1821 ana a pa sukuluyo anaonetsedwa njira ina yolembera imene anaipeza Charles Barbier, munthu amene kale anali mkulu wa asilikali. Njira yace inali ya timadontho totukuka tobooledwa pa pepala locindikala. Ana anaikonda msanga, cifukwa dontho limamveka bwino ku cala kuposa mzere wokhotakhota, ndiponso kwa nthawi yoyamba anatha kulemberana okha. Koma inali ndi zilema zace. Cizindikiro cimodzi cinkatha kukhala ndi madontho ofika 12, asanu ndi limodzi kutsika m'mizere iwiri, kotero kuti nsonga ya cala sinkakwanira kucikhudza conse nthawi imodzi. Ndiponso m'mene ana anailandirira, inali yolemba mamvekedwe a mau, yosasamala kalembedwe koyenera ka liu, ndipo inalibe zizindikiro zopumira.

Louis anali ndi zaka 12 pamene anayamba kulimbana ndi njira imeneyi. Usana anali m'kalasi monga anzace, koma usiku ena atagona, ndiponso pa chuthi kwao ku Coupvray, ankaboola mapepala ndi kuyesa, nataya, nayambanso. Anatero zaka zitatu. Kuona maso a nkhono nkudekha. M'caka ca 1824 anaonetsa mkulu wa sukulu, Dr. Pignier, cimene anapeza.

Nzeru yace inali yotere. Anacepetsa madontho kuti akhale 6 okha, atatu kumanzere ndi atatu kumanja, malo ocepa okwanira pansi pa nsonga ya cala cimodzi. Anzanga okonda masamu aone ici: dontho liri lonse likhoza kukhalapo kapena kusakhalapo, tsono tikaculukitsa 2 kasanu ndi kamodzi tipeza 64, ndipo tikacotsa malo opanda dontho zitsala zizindikiro 63. Zimenezi zikwanira zilembo zonse, zopumira, ndi zina zotsala. Madontho a kumanzere awerengedwa 1, 2, 3 kutsika pansi, a kumanja 4, 5, 6. Cilembo a ndi dontho 1 lokha, b ndi 1 ndi 2, c ndi 1 ndi 4. Zilembo khumi zoyamba, a kufikira j, zigwiritsa nchito madontho anai a pamwamba okha. Ukaonjeza dontho 3 pa zomwezo upeza k kufikira t, ndipo ukaonjezanso dontho 6 upeza u, v, x, y ndi z. Manambala ndi zilembo khumi zoyamba zija, koma patsogolo pace paikidwa cizindikiro ca nambala. Cilembo w cinaikidwa pambuyo, kunja kwa dongosolo limeneli, cifukwa Cifalansa sicicigwiritsa nchito kwambiri. Ife a Cicewa tikadasauka popanda ico, pakuti sitikadatha kulemba ngakhale mwana, wathu kapena Lilongwe.

Polemba, pepala lipanidwa m'sileti ya timabowo, ndipo wolemba aboola ndi kacitsulo kosongoka kuyambira kumanja kunka kumanzere, kuti akatembenuza pepalalo madontho awerengeke kucokera kumanzere. Kacitsulo kameneko sikasiyana kwenikweni ndi citsulo ca m'nyumba ya zikopa cimene cinamlasa m'diso ali mwana.

Atatsiriza maphunziro sanacoke pa sukuluyo. M'caka ca 1828 anakhala mphunzitsi wothandiza, ndipo mu 1833 mphunzitsi weniweni, naphunzitsa masamu, galamala, za maiko ndi kuimba. M'caka ca 1829, ali ndi zaka 20, anasindikiza kabuku kolongosola njira yace yolembera mau ndi nyimbo ndi madontho, ndipo m'menemo sanabise kuti maganizo a madontho anayamba ndi Barbier. Mu 1837 anakatulutsanso atakakonza, ndipo caka comweco sukuluyo inatulutsa mbiri ya dziko la France m'zilembo zatsopanozi. Analinso katswiri woliza limba lalikulu la m'chalichi, ndipo kuyambira 1834 kufikira 1839 ankaliza m'chalichi ca Saint-Nicolas-des-Champs mu Paris. Mu 1839 anapezanso njira ina yolembera zilembo zathu zino ndi timadontho, kuti wosaona athe kulembera kalata mbale wace wopenya.

Munthu angaganize kuti sukulu inalandira mphatso imeneyi ndi manja awiri, koma sizinatero. Dr. Pignier anaikonda nalola ana kuigwiritsa nchito, koma m'caka ca 1840 anacotsedwa pa udindo, ndipo m'malo mwace munalowa Pierre-Armand Dufau. Iyeyu ankakhulupirira kuti osaona ayenera kuwerenga zilembo zomwe awerenga openya, kuti asakhale ngati mtundu wapadera. Analetsa madontho a Braille pa sukulupo, natentha mabuku ena akale. Apa tiona cinthu codabwitsa: anthu openya anali kusankhira osaona cimene ciwayenera, osafunsa eni ace zala. Koma ana sanaleke. Anapitiriza kulemberana mobisa ndi misomali ndi ciri conse cosongoka, ndipo akulu ankaphunzitsa acicepere usiku, ngakhale ankalangidwa akagwidwa.

Wothandiza wa Dufau, dzina lace Joseph Guadet, anapenyetsetsa zimenezi naona kuti ana awerenga madontho mofulumira kuposa zilembo zina zonse, ndipo anamtembenuza mtima mkulu wace. Pa 22 Febuluwale 1844, tsiku lotsegulira nyumba yatsopano ya sukuluyo, njira ya Braille inaonetsedwa pamaso pa alendo. Mwana mmodzi analemba mau amene anauzidwa pomwepo, ndipo mwana wina amene anali kunja analowa nawawerenga ndi zala osaphonya. Pamenepo panali patapita zaka 20 cipezere Louis zilembo zace.

Nthawi yonseyi thupi lace linali kufooka. Cifuwa cacikulu cinamgwira ali ndi zaka za m'ma 20, ndipo kawirikawiri ankasiya kuphunzitsa ndi kukapumula kwao. Anali munthu wofatsa ndi wopemphera, wothandiza anzace ndi ana a sukulu ndi kamalipiro kace kocepa. Anamwalira pa 6 Januwale 1852, patapita masiku awiri atakwanitsa zaka 43. M'katundu wace munapezeka kabokosi kamene analamula kuti katenthedwe, ndipo m'katimo munali timapepala ta ngongole za anthu amene anawabwereka ndalama. Anaikidwa kwao ku Coupvray, ndipo dziko silinadziwe kuti lataya yani.

Zilembo zace zinabvomerezedwa mwalamulo ku France m'caka ca 1854, iye atagona kale zaka ziwiri m'manda. Mu 1878 msonkhano wa maiko a ku Ulaya umene unacitikira mu Paris unagwirizana kuti ndizo zoyenera osaona, ndipo mu 1932 a ku Britain ndi a ku America anapangana kalembedwe kamodzi ka Cingerezi. M'caka ca 1952, patapita zaka 100 cimwalirire, mafupa ace anasamutsidwira ku Panthéon, nyumba imene Afalansa aikamo anthu ao ochuka, koma mafupa a manja ace anatsala ku Coupvray monga anapemphera eni mudzi. Kuyambira 2019 bungwe la United Nations likumbukira tsiku lace lobadwa, 4 Januwale, monga tsiku la Braille pa dziko lonse.

Nanga zinafika bwanji kuno kwathu? M'caka ca 1905 mai wina wa mishoni ya Dutch Reformed, Issie Hofmeyr, anayamba kuphunzitsa osaona pa Magwero pafupi ndi Chipata, pakati pa anthu olankhula cinenero cathu comweci, ndipo pambuyo pace Ella Botes anapitiriza nchitoyo. M'dziko lathu lino amishoni anatsegula sukulu za osaona pa Chilanga ku Kasungu ndi pa Lulwe ku Nsanje m'zaka za m'ma 1950. Mu 1968 a Katolika anayamba maphunziro a ana osamva pa Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, ndipo pa Montfort pomwepo ndipo paphunzira aphunzitsi a ana osaona, osamva ndi obvutika kugwira maphunziro. M'boma lathu la Lilongwe ana osaona aphunzira Braille ku Malingunde. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loletsa kumkaniza munthu maphunziro cifukwa ca ulumali, ndipo bungwe la MANEB limakonza mayeso m'zilembo za Braille ndi m'zilembo zikuluzikulu za iwo oona pang'ono.

Koma zonsezi sizithandiza mwana amene palibe wamzindikira. Mwana wosaoneratu adziwika msanga. Obvuta kuwadziwa ndi iwo amene bvuto lao liri lobisika. Pali mwana amene amayandikiza buku pamphuno, amatsinzinira poyang'ana pa bolodi, kapena amakopera kwa mnzace m'malo mokopera pa bolodipo. Pali wina amene sayankha akaitanidwa ca kumbuyo, amapendeketsa mutu pomvetsera, kapena khutu lace limatuluka mafinya. Pali winanso woyankha bwino pakamwa koma zilembo zimamsokonekera pa pepala. M'kalasi ya ana oposa 100, monga tinaphunzirira ambiri a ife m'Sitandade 1, ana otere amangochedwa aulesi, amwano kapena mbuli. Amabwereza kalasi kawiri katatu, kenaka amaleka ndi kukaweta mbuzi kapena kukasoka fodya.

Njira yowathandizira iyamba ndi mphunzitsi wa m'kalasi amene waona zizindikiro zimenezi. Iye auza mphunzitsi wamkulu ndi makolo, ndipo mwanayo atumizidwa ku cipatala kuti akampime maso kapena makutu. Nthawi zina cofunika ncacing'ono: mandala, mankhwala a khutu, kapena kungomkhazika kutsogolo. Anzathu acialubino, amene ambiri a iwo saona patali, athandizidwa ndi malo a kutsogolo, zilembo zikuluzikulu ndi cipewa ca khonde. Bvuto likakhala lalikulu, aitana mphunzitsi wophunzira nchito imeneyi, amene ena a iwo ayendera sukulu zingapo, ndipo iye aweruza ngati mwanayo afunika Braille, cinenero ca manja, kapena maola apadera m'cipinda ca zipangizo. Aphunzitsi otere ndi ocepa ndipo zipangizo nzosakwanira, koma mwana amene dzina lace silinalembedwe n'komwe sangalandire ngakhale zocepazo.

Posacedwa titsekera, ndipo tidzabalalika kunka kwathu ku Namitete, ku Nsaru, kwa Kabudula, ku Mpingu ndi ku Nambuma. M'midzi imeneyi alipo ana amene amatsala pakhonde m'mawa anzao akamapita ku sukulu, ena cifukwa makolo acita manyazi, ena cifukwa makolo sadziwa kuti sukulu yowayenera iripo. Ife tadziwa. Tiyeni tikakhale nao pansi ana amenewa ndi kuceza nao, tikalankhule mwaulemu ndi makolo ao, ndipo tikauze mfumu ndi mphunzitsi wamkulu wa sukulu yapafupi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Bambo Palluy ndi mphunzitsi Bécheret sanapeze cilembo ngakhale cimodzi ca Braille, koma akadampitirira mwana uja pa mseu wa ku Coupvray, anzathu a ku Malingunde ndi ku Chilanga sakadakhala ndi zilembo zimene awerenga lero.